Ulusi Wobiriwira ndi Jekete la a Stepani

Fatuma ndi Rashidi, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa pa utelala kwa a Grigori, n'kukathera mphamvu zanga zomaliza ndikunyamula makatoni ku Brampton. Mayi anu ali nalo yankho lawo. Amati ndine nkhutukumve. Langa ndi ili. Ndalemba m'Chichewa dala. Pamene pakukanikani mufunse mayi anu, osati foni.

1967, Zomba

Za ubwana ndilibe zonena. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5 ndipo yandikwanira. Ntchito yanga yoyamba inali pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Zomba, pansi pa telala wamkulu, Che Musa. Makasitomala athu ambiri anali asilikali ndi apolisi. Boma linkawapatsa yunifolomu osawayeza, iwo n'kubwera nayo kwa ife kuti tiibweze m'chiuno ndi m'mapewa. Choncho nsalu ya usilikali ndinaidziwa ndisanamere ndevu.

Che Musa anali ndi malamulo awiri. Loyamba, nsalu usaidule usanamuyeze mwini wake ndi manja ako. Lachiwiri, chovala chilichonse chodutsa m'manja mwako, chatsopano kaya chongokonza, uchisokere kachizindikiro ka ulusi wobiriwira mkati, kuseri kwa thumba kapena pansi pa kolala. Ankati, "Ntchito ikaipa, mwini wake adziwe womutukwana. Ikakoma, adziwe kobwerera. Telala wobisa dzanja lake ndi mbala, ngakhale asanabe kanthu." Tsiku lina sajeni wina anafika akulalata kuti buluku lake laphulika pa perete, anthu akuona. Che Musa analitembenuza, sanapeze chobiriwira, namuponyera. "Pita nalo kumene unasoketsa. Ine sindiyalutsa matako a boma." Nthawi ina anabwera wina ndi dandaulo lomwelo. Ulusi wobiriwira unalimo, ndipo Che Musa anasokanso osayankha kanthu. Atamwalira ndinatenga sizasi yawo pamodzi ndi malamulo onse awiri.

1988, Mississauga

Mwana wa mmwenye uja anasamukira kuno ku Canada n'kutsegula malo ochapira ndi kukonzera zovala ku Mississauga. Anafuna telala womudziwa, nandiitanitsa. Ndinabwera ndekha. Inu ndi mayi anu munanditsatira pambuyo, mapepala atatheka. Ntchito yake inali yofupikitsa mabuluku ndi kusintha mazipi, ntchito ya munthu wongophunzira kumene. Sindinadandaule. Ndinkadikira basi chipale chofewa chikulowa m'nsapato zimene ndinagula ku Limbe, ndipo zala zikauma ndinkazifunditsa pa simbi ndisanagwire singano. Ulusi wobiriwira sindinausiye, ngakhale pa zipi. Bizinesi ija inagwa, mwini wake nayamba zogulitsa nyumba. Anandisiyira makina osokera amodzi. Ndi omwe aja ali m'chipinda cha pansi, amene mayi anu amaunjikirapo mabulangete.

1994, kwa a Grigori

A Grigori anali mmodzi wa makasitomala a pamalo paja. Anabadwira m'dziko la Soviet, limene linali litangopasuka. Anali ndi shopu kumbali ya mafakitale, pafupi ndi bwalo la ndege, moti ndege ikamadutsa tinkadikira kaye kuti timalize mawu. Ankagulitsa katundu wa asilikali a dziko lakufalo: majekete, zijasi zolemera ngati thumba la chimanga, zipewa zaubweya zophimba makutu, malamba a chitsulo cha nyenyezi, mabaji a nyundo ndi zenga, mamendulo, ndi zapaphewa zolimba zimene amaikapo nyota za maudindo. Zinkabwera m'mabokosi kuchokera m'nkhokwe za asilikali a kwawo. Ogula ake ambiri sanagwirepo mfuti. Anali aphunzitsi, maloya, anthu a m'maofesi, otolera zakale n'kumazisunga m'magalasi kunyumba kwawo. Poyamba ndinkaona ngati misala. Pambuyo pake ndinaona kuti misala yake ili ndi malamulo.

Lamulo lawo loyamba ndinalidziwa sabata yomwe ndinayamba ntchito kwa a Grigori. Ndinapeza mabatani onse achita dzimbiri lobiriwira, ndiye ndinawapukuta mpaka anawala ngati a ku Zomba. A Grigori atalowa anagwira mutu. "Mwapukuta zaka makumi anayi!" anatero. Ine ndinati batani la msilikali limawala. Iwo anati msilikali ndiye anapita, amene watsala ndi kasitomala, ndipo kasitomala amagula dzimbiri. Sindinapepese, koma sindinapukutenso. Ntchito yanga inakhala yotseka mabowo a njenjete, kubwezeretsa misoko yomasuka ndi kulimbitsa nsalu ya mkati. Bowo la njenjete suliika chigamba. Umasolola ulusi kuseri kwa msoko wa jekete lomwelo n'kuluka pabowopo, umodzi umodzi, mpaka diso liiwale pamene panali. Otolera zakale amalola kukonza, bola uwauze pamene wakonza. Choncho ulusi wanga wobiriwira a Grigori anaukonda. Ankatembenuza jekete pamaso pa kasitomala n'kumati, "Mukaona ichi, dzanja la telala wathu ladutsapo. Kuno sitibisa."

Tinkalankhulana Chingerezi chothyoka tonse awiri, ndipo tinkamvana. Ankanditcha Saidi Amiduvichi, kutanthauza Saidi mwana wa Amidu, monga amachitira kwawo polemekeza munthu. Ndikawati bwana ankakana. "Kwathu mabwana tinathana nawo kalekale. Tinangotsala ndi akuluakulu a chipani." Lachisanu masana ankandithamangitsa okha kuti ndisachedwe ku mzikiti. Sindinena kuti anali munthu woipa. Sanali.

Loweruka lililonse kunkabwera mkulu wina, a Stepani. Anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mnyamata, natsalira m'usilikali mpaka kukhala kaputeni. Kuno anatsatira mwana wawo wamkazi, Olga. Atangofika anagulitsa jekete lawo la ukaputeni kwa a Grigori, pa pangano lapakamwa loti lidzakhala pa chidole choonetserapo zovala m'shopu, silidzapita kwa wina. Ankabwera kudzaliona monga munthu amazondera m'bale wake. Ankakhala pampando, kumwa tiyi wowawa, n'kumandiyang'ana ndikusoka. Chingerezi chawo chinali cha moni basi. Ine ndinkawauza za amalume anga, msilikali wa Keyala, amene anakamenya nkhondo ku Burma, iwo n'kumagwedeza mutu. Kaya ankamva, sindidziwa.

Zaka zitapita mabokosi anayamba kuchepa. Nkhokwe za kwawo zinatha, ndipo pamsika panadzaza zinthu zabodza zosokedwa dzulo. Ulusi wakale unasowa, mpaka tinkaphwasula majekete otheratu kuti tipulumutse ulusi ndi mabatani. Shopu inayamba kutsimphina. Ndiye a Grigori anagulitsa jekete la a Stepani kwa dokotala wa mano wa ku Oakville, a Dagilasi, wotolera zakale wamkulu. A Stepani anauzidwa kuti labwerekedwa ku chionetsero. Anafunsa kangapo, kenako analeka kufunsa. Ine sanandifunse, ndipo sindinayankhe chimene sindinafunsidwe.

2003, masamba akuyoyoka

Jekete lija linabwerera m'shopu. Njenjete zinali zitaliboola pamsana ndi m'khwapa, ndipo a Dagilasi analitumiza kuti ndilikonze. Lili pa tebulo langa choncho, Olga analowa. Ine ndinaliphimba ndi nsalu, chifukwa a Grigori anandiyang'ana ndi maso opempha. Olga anati madokotala awabweza bambo ake kunyumba, palibenso chochita. Chimene akupempha ndi chimodzi: akaikidwe m'manda atavala jekete lawo. Anati chionetsero chija chikhale chitatha tsopano. A Grigori anati alondoloza. Olga atatuluka, a Grigori anatseka chitseko cha shopu, ngakhale unali usana.

"Saidi Amiduvichi, khalani pansi," anatero. "Mulungu walibweza yekha jeketeli. Nsalu ya mtundu wake tili nayo, mpukutu wakale uja. Mabatani alipo. Musoke lina lofanana nalo, ine ndilikalambitsa ndi tiyi ndi fumbi. Latsopano lipite ku Oakville, lenileni lipite ndi mwini wake. Walakwiridwa ndani?"

"Dokotala wa mano uja," ndinatero.

"Dokotala ali ndi majekete odzaza chipinda! Sadzadziwa mpaka kufa."

"Adziwa. Ndiikamo ulusi wanga pansi pa kolala, monga ndimachitira ndi chovala chatsopano."

"Ulendo uno wokha musaike."

"Ndiye wosoka si ine."

"Munthu akufa, inu mukunena za ulusi?"

"Amene anagulitsa jekete la munthu si ine."

Mawu amenewo anawalasa. Anafiira mpaka m'makutu. Ndege inadutsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Muzindikire, ana anga, kuti ntchito imeneyo ndikanaitha. M'dera lonselo panalibe telala wina woti n'kuitha, ndipo a Grigori ankadziwa. Sankandituma kuba kuti alemere. Ankafuna kubweza manyazi awo ndi kuveka mnzawo. Chimenecho ndicho chinali cholemera.

Mayi anu nditawauza anaima kumbali ya a Grigori. "Bambo a Fatuma, mzungu wa ku Oakville ndi malume anu? Mulungu angakulangeni chifukwa choveka maliro?" Ndinati maganizo a Mulungu pa jekete sindiwadziwa, koma a Che Musa ndimawadziwa. Iwo anati, "Che Musa anafa, koma lendi ya nyumba ino ili moyo. Akakufayalani musadzandilirire kuno." Ndinangodya chakudya changa.

Ndinatseka mabowo a njenjete, ndinasoka chobiriwira kuseri kwa thumba, ndipo ndinapempha kuti jeketelo ndikapereke ndekha. Ndinakwera sitima ya ku Oakville nditavala suti yanga ya Idi. Nyumba ya a Dagilasi inali pafupi ndi nyanja. Anandilandira bwino, nanditengera ku chipinda cha pansi. Munali zidole zazikulu zovala yunifolomu, zitaima m'magalasi ngati perete yopanda mawu. Anatembenuza jekete, napeza ulusi wanga, nayamikira ntchito. Ndiye ndinawauza kuti mwini jeketelo ali moyo koma watsala pang'ono, ndipo akufuna kupita nalo. Za maganizo a a Grigori sindinanene. A Dagilasi anakhala nthawi yaitali akusisita mkono wa jekete. Kenako anati, "Bambo Saidi, pansi pa nthaka likaola msanga. Muno adzaliona anthu amene sanabadwe. Ndilemba dzina lawo pagalasi." Ndinati dzina ali nalo kale, chimene akufuna ndi jekete. Anati apepese, sangathe. Sanakweze mawu, inenso sindinakweze. Linali lawo. Ndinamwa tiyi wawo n'kubwerera chimanjamanja.

Kuchokera pa siteshoni sindinapite kushopu. Ndinakwera basi mpaka kunyumba ya Olga. A Stepani anali gone pabedi pafupi ndi windo, atatha ngati nkhuni. Olga ndiye ankamasulira. Ndinanena zonse mwachidule: jekete linagulitsidwa kalekale, ndakalipempha, andikaniza. Mkuluyo ananena mawu amodzi amene Olga anakana kumasulira. Kenako anati ankadziwa, chifukwa palibe chionetsero chosatha. Anafunsa ngati n'zoona kuti linali m'manja mwanga. Ndinati eya.

"Nanga bwanji simunabwere nalo?"

"Silinali langa. Silinalinso lanu. Munaligulitsa."

Olga anaimirira. "Mwabwera kudzawamaliza? Tulukani!" A Stepani anatembenukira kukhoma. Ine sindinatuluke. Ndinatulutsa tepi m'thumba n'kunena kuti chimene ndingathe ndi ichi: ndiwasokere jekete latsopano, la nsalu yakale ya kwawo, la udindo wawo, koma lodziwika kuti ndasoka ndine. Olga anamasulira monyinyirika. Kenako mapewa a mkulu uja anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma kunali kuseka kosakanikirana ndi chifuwa.

"Akuti ankayesa wotsatira kuwayeza ndi wokhoma bokosi la maliro," anatero Olga. Mkuluyo anapitiriza, Olga akutsatira. Anati pa zaka zonse za usilikali palibe anawayezapo. Jekete lija wosunga katundu wa asilikali anangowaponyera. Linasokedwera munthu wamtali, ndipo mikono yake inkafika m'zala, moti pa sawasha ankaoneka ngati mwana wovala za bambo ake. Ndinati zimenezo ndinaziona kale, chifukwa mikonoyo inapindidwa ndi munthu wosadziwa singano. Anati wosadziwa singanoyo anali mkazi wawo. Ndinati Mulungu awakhululukire, koma msokowo unali woipa. Anasekanso.

Olga anawadzutsa n'kuwagwirira, ine ndikuyeza. Nditafika m'mapewa anandigwira dzanja. Ankafuna ndilembe mapewa amene anali nawo kale. Ndinati ine ndimayeza munthu amene alipo. Komabe posoka ndinaikamo thonje pang'ono. Limenelo si bodza, ndi utelala.

M'mawa mwake ndinapita kushopu kukapempha nsalu. A Grigori anandifunsa funso limodzi. "Mwawauza?" Ndinati ndawauza. Analowa kuseri, nabwera ndi mpukutu wa nsalu, mabatani abwino koposa amene tinali nawo, ndi zapaphewa za kaputeni zenizeni. Anaziika pa tebulo langa osandiyang'ana. "Mukamaliza mutenge makina anu muzipita," anatero. Ndinati chabwino. Mabataniwo ndinawapukuta mpaka anawala. Amenewo sanali a kasitomala, anali a msilikali.

Tsiku loyesa, Olga anabweretsa kalilole pafupi ndi bedi. Tinawaveka. Anakweza dzanja kumutu, mkono wa jekete unathera pamene uyenera kuthera. Anadziyang'ana nthawi yaitali. "Si langa," anatero. Ndinati n'zoona. "Koma landikwana." Povula anaona chobiriwira pansi pa kolala, nafunsa. Ndinawauza za Che Musa. Anati kwawo munthu woika chizindikiro chake pa ntchito ankakhala wolimba mtima kapena chitsiru. Ndinati kwathunso n'chimodzimodzi.

Anamwalira chipale chitangoyamba kugwa. Ku tchalitchi chawo bokosi amalisiya chotsegula, ndiye ndinapita kukaona. Kolala inakhala bwino. A Grigori anaima kumbuyo kwenikweni, chipewa chili m'manja. Olga sanawapatse moni, ndipo iwo sanandipatse moni ine.

2004 mpaka lero

Utelala wa mtundu umenewo unalibe kwina kopita nawo. Ndinalowa m'nyumba yosungiramo katundu ku Brampton, n'kumanyamula makatoni limodzi ndi anyamata a msinkhu wako, Rashidi, mpaka msana unakana. Inu munamaliza sukulu, lendi sinatigonjetse, ndipo mayi anu sanasinthe maganizo. Mpaka lero akakwiya amati ndinasinthanitsa ntchito ndi kaulusi. Shopu ya a Grigori inatsekedwa. Ndinakumana nawo kamodzi m'basi. Anandiyang'ana, nati, "Saidi Amiduvichi." Ndinati, "Bwana." Sanakane. Anatsika patsogolo.

Munthu anapempha chinthu chimodzi pa imfa yake ndipo sanachilandire. Amene anaima pakhomo n'kutsekereza ndine. Zimenezo ndikuzidziwa, simuyenera kundikumbutsa. Atandipemphanso lero ndikhoza kukananso. Ine ndikadzafa musadzavutike ndi zovala. Sanda yokulungira mtembo sifuna telala. Koma makina aja musadzawataye, ndipo kabokosi ka ulusi kali m'kati mwake mudzakasiye momwemo.

Jekete lenileni lili ku Oakville m'galasi, ndi dzina, lopanda munthu. Langa lili pansi ndi munthu wake, ndipo mikono yake ndi yokwana.